Mawaya Anatisiya

6 Malichi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kudziko la eni kumeneko. Kuno tilipo, Amayi akudandaula maondo monga mwa masiku onse, ana akupita kusukulu. Ndalemba kalata chifukwa foni yanu imangolira ngati ilibe mwini, ndipo ndatopa kumvera mayi wa m'foni uja amene amati ndiyesenso nthawi ina. Ndapatsira dalaivala wa basi, kaya aifikitsa kaya aikhalira.

Nkhani yabwino ndi yakuti mng'ono wanu Mawaya akupeza bwino. Dzana ndinakamuona kuwodi ya odwala matenda a maganizo kuja. Akugona tulo, akudya, ndipo wasiya kuyankhana ndi anthu osaoneka aja. Ndinamupeza atamasula wailesi ya manesi, tizitsulo tili mbwee patebulo. Asanathe n'kundipatsa moni bwinobwino wailesiyo inali italira kale.

Adokotala akuti angathe kutuluka. Koma pali mayi woona za chisamaliro cha odwala, ameneyo akuti satulutsa munthu amene alibe malo abata okakhala. Anabwera kudzaona kwathu kuno. Chipinda chimodzi, Amayi, ine, ana awiri, makina anga osokera, ndi bala ya mowa ija kuseri kwa khoma. Anangopukusa mutu. Akuti phokoso ndi kusowa tulo ndi zimene zinamugwetsa poyamba, ndiye abwerere kunyumba yake ya khonsolo ija, ine ndizikamuyendera.

Apa ndiye pali vuto. Lachiwiri ndinapita kukasesa m'nyumbamo, ndinapeza pachitseko pali loko wina pamwamba pa wathu, chiloko chachikulu ngati cha pasitolo, ndi pepala la chidindo cha khonsolo limene mvula inafufuta. Lendi sitinaphonyepo. Ndinatseka shopu, kusiya madiresi a anthu, kupita kuofesi ya nyumba. Windo loyamba anandilozera windo lakumapeto. Windo lakumapeto anali atapita kukadya. Atabwerako, akutokosa m'mano, anandiuza kuti nkhani yanga ili m'kati. M'kati mwa chiyani, sananene.

Anthu a pamdadada paja nawonso akundidabwitsa. Mayi wokhala pansi pa nyumba ya Mawaya uja anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, n'kuusa moyo, ati limbani mtima. Ndikuganiza kuti wamva za matenda, ngakhale Amayi analamula kuti munthu aliyense asadziwe kumene mwana wawo ali. Alamulanso kuti Mawaya tisamuuze za loko, ati mutu ungasokonekerenso.

Achimwene, popanda nyumba imeneyi Mawaya satuluka m'chipatala muja. Ndiyankheni, ndisamangothamanga ndekha ngati ndinabadwa ndekha.

Mlongo wanu

19 Malichi

Mlongo wanga,

Moni ndikupereka chifukwa ndinaleredwa bwino, koma mtima wanga ukuwawa kwambiri.

Dzulo tikupakira katundu m'lole ndinakumana ndi mkamwini wa mayi amene amakhala pansi pa nyumba ya Mawaya. Anandikokera pambali, n'kunena kuti pepani ndi zovuta zija, tinamva mochedwa. Ndinafunsa kuti zovuta ziti. Anandiyang'ana ngati ndine chitsiru, ati imfa ya mng'ono wanu. Ndinakhala pansi pomwepo, pafumbi, anzanga akuona.

Iwe, mpaka kuika mng'ono wanga m'manda osandiuza? Ndinakulakwirani chiyani? Inde foni yanga inagwera m'madzi, sindinagule ina, koma mabasi akuyenda tsiku ndi tsiku. Kalata yako sindinalandire ngakhale imodzi. Ndine woyamba kubadwa, ndikumva za maliro a m'nyumba mwathu kwa munthu wapanjira!

Ndiuze zoona, usandibisire. Anachita kudzipha? Kapena anam'patsa mankhwala olakwika? Anavutika? Ananditchulako? Sindikudya, ndikatseka maso ndikumuona ali wamng'ono akundilondola ndi mabatire akutha m'thumba. Ndapempha tchuthi, abwana akuti ndidikire mwezi uthe. Ndagula jekete lakuda. Amayi uwauze kuti ndikubwera, ngakhale mwandichita ngati mlendo.

Mchimwene wako

2 Epulo

Achimwene,

Moni. Vulani jekete lakudalo. Mawaya ali moyo, dzulo wadya malalanje onse amene ndinapita nawo osandigawirako, ndiponso wawadya manesi pa makadi. Kalata zathu zinasemphana panjira. Yanga mwina mwailandira tsopano, ngati dalaivala uja sanakulungire mtedza.

Koma imfa yakeyo ndiye ilipodi, ili m'kompyuta ya khonsolo. Ndinabwererako kuofesi kuja mpaka alonda ayamba kundipatsa moni ngati wantchito mnzawo. Tsiku lina kalaliki wa windo lakumapeto anatopa nane, anayang'ana pa kompyuta, n'kunena kuti: "Mayi, mukuvutikiranji? Mwini nyumbayi anamwalira."

Ndinati: "Anamwalira liti, poti ndinali naye dzulo?"

"Zimenezo kaya. Pano palembedwa kuti anamwalira, ndipo anatiuza ndi mayi ake omubereka."

Ndinabwera kunyumba n'kuwafunsa Amayi. Amayi anayamba ndi kukana, kenako anaulula. Mu Januwale anapita kukatsegula mawindo kuti mulowe mphepo. Kunabwera bambo woyendera nyumba za khonsolo, anafunsa kuti mwini wake ali kuti. Amayi, poopa kutchula chipatala chija, anayankha kuti, "Anatisiya." Bamboyo anavula chipewa, anapepesa, n'kulemba. Mayi wapansi anali pamasitepe ndi ndowa yake, ndipo inu mukumudziwa, dzuwa lisanalowe mdadada wonse unali pamaliro.

Tsopano nyumbayo akuti aipereka kwa banja lina kumapeto kwa Meyi. Ndinabwererakonso kukanena kuti munthuyo ali moyo. Kalaliki anati ndibweretse umboni. Umboni wa moyo, achimwene! Kenako anafunsa kuti ngati ali moyo ali kuti. Kumbuyo kwanga kunali mzere, munalinso amayi awiri amene ndimawasokera. Ndinakumbukira lamulo la Amayi, ndinangoti ali kwina. Iye anati, "Kwina n'kuti? Wotsatira!"

Ndinathamangira kuchipatala kuti andilembere kalata. Akuti sangalembe za matenda a munthu popanda mwini wake kuvomera. Kuti avomere, tiyenera kumuuza. Amayi akuti tikamuuza kuti anafa agwanso. Chipatala sichimutulutsa popanda nyumba, a nyumba sam'patsa nyumba popanda kumuona. Ine ndili pakati, ndi diresi la mkwatibwi limene silinathe.

Chonde musachite chilichonse chanzeru. Ingolemberani Amayi muwauze kuti atilole kunena zoona, inu amakumverani. Kalata yawo ili m'envulopu momwemu. Ndalemba ndine, mawu ndi awo, akuti ndisasinthe ngakhale limodzi.

Mlongo wanu

2 Epulo

Mwana wanga,

Wadzuka bwanji kumeneko? Ukudya? Ndamva kuti unalira, pepa.

Mlongo wako akundiyang'ana ngati ndaba, koma ine bodza sindinaname. Bambo uja anafunsa kuti mwini nyumba ali kuti. Ndikanati chiyani, pamasitepe pali anthu makutu ali tcheru? Ndinati anatisiya. Nanga sanatisiye? Mwana amene ndinabereka ine anandiyang'ana m'maso n'kundifunsa kuti ndatumidwa ndi ndani. Tsiku limenelo anatisiya ndithu.

Bamboyo atavula chipewa ndinadziwa kuti wamva zina. Ndinafuna kukonza, koma ndinazisiya choncho. Ndikuuze, chiyambire kudwala kwa mng'ono wako palibe munthu anandiuzapo pepani. Pamene ankakuwa pakhonde anthu ankatseka mawindo n'kuitana ana awo kuti alowe. Koma atamva kuti wafa, anabwera. Anadzaza m'nyumba muja. Mayi wapansi anandikumbatira, anati anali mwana wabwino, anamukonzera ayironi osalandira kanthu. Wina anati anali waulemu. Atafunsa za maliro ndinangowerama, iwo okha anati basi zinachitikira kumudzi. Ndinakhala pampando wake n'kumamva anthu akuyamikira mwana wanga, ndinalira misozi yonse imene ndinkabisa. Ndikanawauza bwanji kuti nyamukani, ali moyo, wangodwala mutu?

(Apa ndi ine mlongo wanu. Akulira, ndipo ndikusowa ngati ndiwakalipire kapena ndiwapatse mpango.)

Inu ana mukuganiza za nyumba, ine ndikuganiza za mawa lake. Akadziwa kumene ali, adzam'patsanso ndani wailesi yoti akonze? Adzamulola ndani kukwatira mwana wake? Ana a pamsewu adzamuitana dzina lija mpaka imvi. Iwe ndiwe wamkulu, peza njira yoti nyumba ibwerere popanda kumuvula mng'ono wako pagulu.

Mayi ako

21 Epulo

Mlongo wanga,

Moni nonse. Kalata zonse zitatu zafika tsiku limodzi, abwana asanandipatsebe tchuthi chija. Ndinawerenga, ndinavina m'chipinda ndekha, jekete lija ndam'patsa mnzanga wa kwaya. Mawaya umupatse moni, kapena ayi, usam'patse, angafunse zambiri.

Amayi akunena zoona, nkhaniyi siyofunika kuyala pamsewu. Iwe umapupuluma. Ine ndakhala pansi, ndaganiza, ndipo ndaikonza kale. Ndalembera ofesi ya nyumba kalata yabwino kwambiri, yotayipa, yonena kuti mng'ono wanga ali moyo ndipo ali kuno, akugwira ntchito limodzi ndi ine. Kapitawo wathu wandithandiza, waikapo ndi chidindo cha kampani. Ndaitumiza molunjika kwa mkulu wa ofesiyo kuti isachedwe m'manja mwa makalaliki ako aja.

Waona? Munthu wauka, matenda sanatchulidwe, Amayi agona tulo. Mutu uwu si wongonyamulira chipewa. Iwe ungopita ukatenge makiyi, ndipo undiuze kuti mkulu wa ofesiyo wati chiyani za kalembedwe kanga.

Mchimwene wako

9 Meyi

Achimwene,

Moni, ngakhale dzanja likukana kulemba mawuwo.

Ndinati musachite chilichonse chanzeru. Ndinalemba ndi inki, sindinanong'one. Kalata yanu yotayipa inafika, ndipo mukufuna kudziwa zimene anena? Kalaliki anandiona ndikulowa, anamwetulira koyamba chiyambire. Anati: "Mayi, m'bale wanu uja wauka. Koma waukira kunja."

Lamulo lawo ndi lakuti munthu akasamukira kwina kukagwira ntchito, nyumba ya khonsolo amalanda, chifukwa odikira ndi ambiri. Amasungira munthu amene wagonekedwa m'chipatala basi. Mwamva? Chinthu chokhacho chimene chikanapulumutsa nyumbayi ndi chimene tonse takhala tikubisa. Pamene anali wakufa zinali bwinoko, ndikanangomuonetsa akupuma. Tsopano pali chidindo cha kampani yanu chotsimikiza kuti akunyamula makatoni kutsidya.

Anandilowetsa kwa mkulu wa ofesi, mayi wa magalasi wosaseka. Anati banja limodzi lamuuza zinthu zitatu: wafa, ali kwina, ali kunja. Anafunsa ngati pali wachibale wina amene akufuna kuwonjezerapo. Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Akuti sakhulupiriranso pepala lililonse lochokera kwa ife lokha. Akufuna kalata ya dokotala, mwini wake abwere ndi miyendo yake, ndiponso amene ananena kuti anamwalira abwere adzabweze mawu ake pawindo. Zikapanda kutero mwezi uno usanathe, makiyi apita kwa ena.

Amayi akuti kuofesiko sapondako, bola afe. Ndawauza kuti imfa m'banja muno zakwana.

Mkwatibwi uja anadzatenga diresi lake losatha, wakapereka kwa telala wina. Zandikwana, achimwene. Mawa ndikupita kukamuuza Mawaya zonse, kaya Amayi alira kaya inu mukwiya. Mukafuna kuthandiza, musatayipenso kanthu.

Mlongo wanu

3 Juni

Achimwene,

Landirani moni wochokera kwa malemu. Ndamvanso kuti ndimagwira ntchito kwanuko, ndiye malipiro anga muzindisungira bwino.

Achemwali anandiuza zonse. Anayamba ndi kuitana nesi kuti aime pafupi, n'kundigwira dzanja ngati akufuna kundizula dzino. Atafika pa chipewa cha bambo uja ndinaseka mpaka misozi, nesi n'kumandiyang'anitsitsa ngati zayambiranso. Kenako ndinakwiya, ndipo mkwiyo umenewo sunali matenda. Miyezi yonseyi ndinkafunsa kuti ndituluka liti, ankandiyankha kuti adokotala akuganizabe. Ndinayamba kukayikira mutu wanga. Ndinkati mwina sindinachire, mwina ndikuchita zinthu zimene sindikuzidziwa, n'chifukwa chake aliyense akundilankhula mosamala chonchi. Zimenezo zinandipweteka kuposa loko.

Ndinavomera kuti adokotala alembe kalata, ndipo anandilola kutuluka kwa tsiku limodzi, nesi atandiperekeza, kuti ndikaonekere kuofesi ya nyumba. Otsala anali Amayi. Atabwera kudzandiona ndinawauza kuti: "Amayi, mukapanda kupita, ine ndikalambira muno. Sankhani, manyazi kapena ine." Ananyamuka n'kumapita. Koma tsiku lopita kuofesilo tinawapeza pageti atavala nsalu yawo yatsopano, nkhope ili gwa.

Kunali kumapeto kwa mwezi, ofesi itadzaza ndi odzalipira lendi, theka la mdadada wathu lili momwemo. Mayi wapansi atandiona anataya kachikwama, n'kukuwa dzina la Mulungu. Ndinamupatsa moni.

Windo lija ndi lagalasi lochindikala, lili ndi timabowo tolankhulira, ndipo fani ya m'katimo imalira ngati chigayo. Kalaliki analandira kalata ya dokotala, anaiika pambali, n'kuyang'ana Amayi.

"Mayi, inu munati anamwalira. Nanga uyu ndi ndani?"

"Mwana wanga."

"Ali moyo?"

"Simukumuona?"

"Ndiye miyezi yonseyi akukhala kuti?"

Amayi anaika pakamwa pa timabowo tija n'kunong'ona. Kalaliki anati sakumva. Ananong'onanso. Iye anagogoda galasi ndi cholembera, ati, "Kwezani mawu mayi, anthu akudikira kumbuyoko." Ndinawamvera chisoni Amayi, ndinati ndiyankhe ndekha. Anandiika dzanja pachifuwa kundibweza.

"Ali kuchipatala cha matenda a maganizo! Anadwala mutu, akuchira! Mwamva tsopano, kapena ndikwere patebulo?"

Ofesi yonse inatembenukira kwa ife. Wina kumbuyo anaseka. Bambo amene anaima pafupi nane anasuntha pang'ono, n'kugwira thumba lake. Achemwali ankalira, kaya ndi mkwiyo kaya n'chiyani. Kalaliki analowa m'kati, anabwera ndi mayi wa magalasi uja, amene anandifunsa dzina, nambala ya nyumba, ndi mtundu wa chitseko changa. Ndinamuuza, ndinawonjezeranso kuti soketi ya kukhitchini ndinakonza ndekha chifukwa anthu ake sanabwere. Anasayina. Tikutuluka, mayi wina wosamudziwa anakoka Amayi pambali kufunsa kuti kuchipatalako amaona anthu tsiku liti, ati mwamuna wake sakugona ndipo akulankhula yekha. Amayi anamulongosolera zonse, mpaka basi yokwera.

Loko anachotsa m'mawa mwake, ndipo chipatala chinanditulutsa Lachisanu. Pamasitepe ndinakumana ndi banja limene likanalowa m'nyumbamu, anabwera kudzayeza mawindo kuti asoketse makatani, palibe amene anawauza kuti zasintha. Mayiyo anali ndi mwana kumsana. Akuti adikira zaka zambiri, ndipo abwereranso pamzere. Ndinangowathandiza kutsitsa chikwama.

Ndikulemba ndili patebulo langa. Fumbi ndi lambiri, mpopi ukudontha. Ena pamdadada akundipatsa moni, ena akumva mapazi anga akutseka chitseko. Amayi anali ndi chifukwa choopera, sindikuwatsutsa. Koma ndikugona pabedi langa, mankhwala ndikumwa, ndipo Lachitatu lililonse ndizipita kukaonana ndi adokotala.

Pempho langa ndi limodzi. Wina kumeneko akakufunsani za ine, musandiphe, musandilembenso ntchito. Muzingoti ali kunyumba kwake, anadwala maganizo, akumwa mankhwala. Ndipo mukafuna kudziwa kuti ndili bwanji, kalata yotsatira mulembere ine. Kuwerenga sindinaiwale.

Mng'ono wanu,
Mawaya